Chilumba cha Likoma ndi Pangano Lomwe Linadulanso Mutare

Akuluakulu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata amene Chichewa munachimvera m'kamwa mwa agogo anu ku Sakubva, ku Dangamvura ndi m'makomboni a ku Penhalonga, nkhani ya lero ndi ya chilumba chomwe ambiri a inu simunachionepo. Mwina mukudabwa kuti anthu okhala pakati pa mapiri, kutali ndi nyanja, achita nacho chiyani chilumba. Chilumbacho ndi Likoma, pa nyanja ya Malawi, ndipo ndachisankha chifukwa pepala lomwe linachisiya m'manja mwa Angelezi ndi lomwelonso linasiya mzinda uno wa Mutare kumbali ya Rhodesia osati ya Mozambique. Ndikunena pangano la Britain ndi Portugal lomwe anasainirana ku Lisbon pa 11 Juni 1891. Mfundo yanga ndi imodzi. Malo sakhala a dziko lakutilakuti chifukwa ayandikana nalo, kapena chifukwa phiri ndi madzi zinalamula choncho. Amakhala a dzikolo chifukwa cha zomwe anthu anachita pamalopo, makamaka zomwe anapitiriza kuchita mibadwo ingapo mzere wa malire utalembedwa kale. Pa Likoma zimenezi zimaoneka poyera chifukwa malowo ndi ochepa, moti chilichonse chomwe chinachitikapo chimawerengeka.

Tiyambe ndi malowo. Likoma ndi wa masikweya kilomita pafupifupi 18. Munthu wa miyendo yabwino akanyamuka m'mawa ku Makulawe, kumpoto, dzuwa lisanafike paliwombo amakhala atafika ku Nkhwazi, kummwera. Chapakumadzulo pali chilumba china chocheperapo, Chizumulu, cha masikweya kilomita pafupifupi 3, ndipo ziwirizi pamodzi zimapanga boma laling'ono kwambiri m'Malawi, lomwe pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu oposa 14,000. Chodabwitsa ndi pomwe zilumbazi zili. Ukaima pa gombe la kum'mawa kwa Likoma, mapiri a chigawo cha Niassa ku Mozambique amaoneka ngati ungawakhudze, ndipo mudzi wa Kobwe, womwe Apwitikizi amalemba kuti Cobué, uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 7 okha. Koma kuti ukaponde dothi la Malawi kumtunda, ku Nkhata Bay kapena ku Chintheche, uyenera kuwoloka madzi akuya a makilomita oposa 50. Mwana wa sukulu utam'patsa mapu opanda mayina ndi kum'funsa kuti chilumba ichi ndi cha yani, sangachedwe kuyankha kuti ndi cha Mozambique, ndipo malinga ndi zomwe maso ake akuona sangakhale atalakwa.

Nthaka ya pa Likoma ndi yosauka. Ndi mchenga ndi miyala, mapiri ang'onoang'ono a matanthwe, milambe yambirimbiri ndi mitengo ya mango. Mvula imagwa yochepa poyerekeza ndi ya ku Nkhata Bay, tsidya lina la nyanja yomweyo, ndipo palibe mtsinje woti munthu angaudalire chaka chonse. Chimanga sichikondwa m'dothi lotere. Chomwe chimapirira ndi chinangwa, ndipo ntchito yake ndi yaikulu: kukumba, kusenda, kuviika m'madzi masiku angapo kuti kuwawa kuchoke, kuyanika pa thanthwe kapena pa thandala, kenaka kusinja mpaka ufa wa kondowole utuluke. Ndiwo ndi za m'nyanja, usipa ndi utaka, zomwe asodzi amakola ndi chilimira usiku wopanda mwezi, siginala ali kutsogolo m'bwato la nyali kuti nsomba zisonkhane pa kuwala, anzake m'mabwato ena akuzinga ndi khoka. Mwera ukayamba kuwomba kuyambira chakumapeto kwa Meyi mpaka Ogasiti, nyanja imakalipa masiku otsatizana ndipo mabwato amagona pa mchenga. Nkhuni, nsungwi, udzu wofolera nyumba ndi chakudya chowonjezera zakhala zikuchokera kutsidya kwa Mozambique kuyambira kalekale. Palibe mlimi amene akanasankha malo otere chifukwa cha chonde. Ndiye funso loyamba ndi lakuti, anthu anadzazapo bwanji?

Yankho ndi nkhondo. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 gombe la kum'mawa kwa nyanja linali pakati pa adani awiri. Kumpoto kunkachokera Angoni a ku Songea, omwe anthu a m'mbali mwa nyanja ankawatchula kuti Amagwangwara, ndipo ankabwera kudzalanda zokolola ndi anthu. Kummwera ndi kum'mawa kunali mafumu a Chiyao onga Makanjira ndi Mataka, omwe chuma chawo chinali minyanga ndi akapolo. Kutsidya la kumadzulo, ku Nkhotakota, kunali Jumbe, amene zombo zake zinkawolotsa akapolo kuti akayambe ulendo wautali wa pansi wopita ku Kilwa. Anyanja a m'midzi ya m'gombe anamanga malinga, ena anakhoma mitengo m'madzi ndi kumanga nyumba pamwamba pake, ena anathawira pa zilumba. Ankhondo a Chingoni anali akatswiri pamtunda koma madzi sankawadziwa. Choncho makilomita 7 aja, omwe lero timawaona ngati umboni wakuti Likoma ndi wa Mozambique, masiku amenewo anali linga lomwe linalekanitsa chilumbacho ndi mavuto a kumtunda. Mtunda ndi womwewo, koma tanthauzo lake limasintha malinga ndi zomwe anthu akuopa kapena akufuna.

Chitetezo chomwecho ndicho chinakoka amishoni. Bungwe la Universities' Mission to Central Africa, lomwe linabadwa David Livingstone atalankhula ku Cambridge mu 1857, linali litayesapo kale kukhazikika ku Magomero mu 1861. Zinakanika. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira mu 1862, ndipo mu 1864 mishoni inabwerera mpaka ku Zanzibar. Atabweranso zaka makumi awiri pambuyo pake anadzera kum'mawa. William Percival Johnson anafika pa nyanja ndi mnzake Charles Janson, yemwe anamwalira mu 1882 atangofika kumene, ndipo Johnson anaona chinthu chomwe ndikufuna inunso muchione: kwa munthu amene ali ndi sitima, nyanja ndi msewu. Midzi yomwe pamtunda inalekanitsidwa ndi mapiri ndi nkhondo, pamadzi inali pa mzere umodzi. Mu 1885 sitima yotchedwa Charles Janson inayamba kuyenda, ndipo chaka chomwecho, ndi chilolezo cha mfumu Chiteji wa kutsidya, likulu la mishoni linakhazikitsidwa pa Likoma, Chauncy Maples akudzakhala woyang'anira. Taonani kuti chilolezo chinachokera kwa mfumu ya kumtunda kwa kum'mawa. Pa nthawi imeneyo palibe amene ankaganiza kuti chilumbacho ndi gombe loyang'anana nacho ndi maiko awiri. Sitima inkazungulira ku Kobwe, ku Chia, ku Msumba, kusiya aphunzitsi ndi mabuku, ndipo Likoma anali pakati pa zonsezo. Nyanjayo inalandanso msonkho wake: Maples, atangodzozedwa ubishopu mu 1895, anamira ndi bwato m'namondwe asanafike pa chilumba, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota.

Chomwe alendo amapitira ku Likoma lero ndi tchalitchi cha Petro Woyera. Mwala wa maziko anauika ndi Bishopu Gerard Trower mu 1903, nyumbayo anaipatula mu 1911, ndipo anaimanga pa Chipyela, malo omwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. M'litali ndi pafupifupi mamita 100, pa chilumba chomwe panalibe msewu, panalibe ngolo, panalibe nkhalango. Miyala anaswa pa chilumba pomwepo, koma matabwa, simenti ndi malata anachita kuwolotsa pa madzi, kuchoka pa dooko ndi kukwera nazo pamutu. Mapulani anajambula ndi Frank George, koma manja omwe anasema miyala ndi kuyala khoma anali a amisiri a pa chilumbapo ndi a m'midzi ya kutsidya, omwe ambiri anaphunzirira ntchitoyo pomwepo. Komabe ine ndikuona kuti chachikulu sichinali tchalitchicho. Zazikulu zinali sukulu, chipatala, makina osindikizira mabuku ndi koleji ya aphunzitsi ya Mikaeli Woyera yomwe inayambira ku Kobwe. Pa Likoma atsikana ankalowa sukulu ambiri pa nthawi yomwe m'madera ena a Nyasaland zimenezo zinali zachilendo. Johnson, ngakhale maso ake anali atawonongeka, anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo lonse m'Chinyanja cha kunyanja, lomwe linatuluka mu 1912, zaka khumi Buku Lopatulika lisanatuluke. Dothi lomwe silinkatha kubala chimanga linayamba kutulutsa aphunzitsi, akalaliki, osindikiza mabuku, oyendetsa sitima ndi ansembe.

Tsopano tibwere kuno kwathu, chifukwa pamene izi zinkachitika pa nyanja, m'mapiri ano munalinso mkangano. Apwitikizi ankati dziko lonse kuchokera ku Mozambique mpaka ku Angola ndi lawo, poti ndiwo anayamba kufika zaka mazana apitawo. Mu 1889 Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo ku Shire, ndipo pa 11 Januwale 1890 boma la Britain la Lord Salisbury linalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake kumeneko ndi ku Mashonaland, apo ayi ziona. Portugal inagonja, koma pangano loyamba la mu Ogasiti 1890 nyumba ya malamulo ya ku Lisbon inalikana. Mpata umenewo ndi womwe anthu a Cecil Rhodes anapezerapo mwayi. Mu Sepitembala 1890 Archibald Colquhoun anasainitsa mfumu Mutasa pepala lopereka ufulu wa migodi kwa kampani ya British South Africa. Mu Novembala Patrick Forbes, yemwe dzina lake lili pa chipata cha malire chomwe mumadutsapo popita ku Machipanda, anagwira akuluakulu a mbali ya Apwitikizi, Paiva de Andrada ndi Manuel António de Sousa, m'mudzi wa Mutasa momwemo. Mu Meyi 1891 mfuti zinalira ku Macequece, komwe lero ndi tauni ya Manica, ndipo Apwitikizi anathawa. Patangotha mwezi umodzi pangano la ku Lisbon linasainidwa.

Owerenga panganolo amapeza kuti olemba ake anayesa kutsamira pa chilengedwe. Kuno anati malire atsate m'mphepete mwa mapiri a Manica, chakumtunda kwa matsitso oyang'ana kum'mawa. Koma m'ndime yomweyo anaonjezera kuti mzerewo ukhote ngati pafunika kutero, kuti kwa Mutasa kukhale kwa Angelezi ndipo Macequece akhale wa Apwitikizi. Apa ndiye poonekera choona. Phiri analitchula kuti pepala lioneke laulemu, koma mzere unakhota potsata amene anali ndi anthu ake pamalopo. Ndipo phirilo silinathetse mkangano, moti anachita kuitana woweruza wa ku Italy, Paolo Vigliani, yemwe anagamula mu 1897. Ku nyanja nako anati gawo la Apwitikizi lithere pa gombe la kum'mawa, kutanthauza kuti madzi ndi zilumba zikhale kumbali ya Angelezi. Midzi ya Kobwe, Chia ndi Msumba inapita kwa Apwitikizi, pamene Likoma, likulu la midzi yomweyo, anakhala wa Nyasaland. Chifukwa chake sichobisika: pa chilumbapo panali mishoni ya anthu a ku Oxford ndi Cambridge omwe mawu awo ankamveka ku London. Ndingotchulapo podutsa kuti chaka chimodzi m'mbuyo mwake, pa 1 Julayi 1890, Britain inapereka kwa Germany kachilumba ka Heligoland, ka m'nyanja ya kumpoto kwa Ulaya, posinthana ndi ufulu pa Zanzibar, ndipo pangano lomwelo ndi lomwe linaika malire pa gombe la kumpoto chakum'mawa kwa nyanja yathu, nkhani yomwe Malawi ndi Tanzania akukanganabe mpaka lero. Tizilumba ting'onoting'ono tinali ndalama ya m'thumba ya akuluakulu a nthawi imeneyo.

Likoma anadzazingidwa ndi madzi a eni pambuyo pake. Pa 18 Novembala 1954, mu nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Britain ndi Portugal anagwirizana kusuntha malire kuchoka pa gombe kupita pakati pa nyanja. Mwa lamulo limenelo zilumba ziwirizi zikanagwera kwa Apwitikizi, poti zili kum'mawa kwa mzere wapakatiwo. Koma anazipatula, nazisiyira lamba wa madzi wa mamailosi awiri kuzungulira chilichonse, kupatula pomwe Likoma wayandikana kwambiri ndi mtunda, pomwe madziwo anawagawa pakati. Funsani kuti chinasintha ndi chiyani pakati pa 1891 ndi 1954 kuti kupereka zilumbazi kukhale kosatheka. Miyala inali yomweyo, mtunda wa ku Kobwe unali womwewo. Chomwe chinalipo chatsopano ndi mibadwo iwiri ya anthu ophunzira Chingelezi, okhoma msonkho ku Nyasaland, omwe abale awo anali pa ntchito ku Zomba, ku Blantyre, ku Salisbury ndi ku migodi ya Northern Rhodesia. Mzere womwe mu 1891 unali wa pa pepala unali utalowa m'miyoyo ya anthu.

Ena a inu mukhoza kunena kuti nkhani yonseyi ndi ya azungu, mabishopu ndi nduna za ku Ulaya, ngati kuti pa chilumbapo panalibe eni. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo mabuku ambiri a mishoni analembadi ngati mbiri inayamba tsiku lomwe sitima inakocheza. Koma tikayang'ana amene ankagwira ntchito tsiku ndi tsiku, chithunzi chimasintha. Augustine Ambali, yemwe anaomboledwa ku ukapolo ndi kuphunzira ku Zanzibar, ndiye anagwira mudzi wa Msumba zaka zambirimbiri. Yohana Abdallah anatumikira ku Unangu ndipo analemba mbiri ya Ayao yomwe akatswiri akuiwerengabe. Leonard Kamungu wa ku Chia anapita kukayambitsa ntchito ku Msoro, kum'mawa kwa Zambia ya lero, namwalira komweko mu 1913. Josiah Mtekateka, mwana wa pa Likoma, anakhala bishopu woyamba wa Chimalawi mu mpingo wa Angilikani mu 1965. Azungu pa chilumbapo sanachulukepo, ndipo malungo ankawatha msanga. Chikhala kuti makolo a ku Makulawe ndi ku Madimba anakana kutumiza ana ku sukulu, mishoniyo ikanafota monga inafotera ku Magomero. Iwo anaona kuti pa dothi losabereka, pensulo ndi khasu lomwe lingadyetse banja, ndipo analigwira ndi manja awiri. Ufumu wa Mkumpha ulipo pa chilumbapo mpaka lero, malipenga ndi chioda zikuvinidwabe, ndipo chilankhulo cha pa chilumbapo chikadali Chinyanja cha kunyanja chomwe munthu wa ku Kobwe amachimva popanda womasulira.

Chotsutsa chachiwiri ndi cholemera kuposa choyamba. Wina angati: ngati malo amakhala a amene wachitapo kanthu, ndiye kuti mukuvomereza zomwe anachita Rhodes, pakuti nayenso anafika, namanga linga, nati dziko ndi lake. Yankho langa ndi lakuti pali zinthu ziwiri zomwe siziyenera kusokonezedwa. Choyamba ndi momwe mzere unalembedwera, ndipo pamenepo palibe chilungamo choti ndichiteteze. Mutasa sanaitanidwe ku Lisbon, Chiteji sanaitanidwe, Amanyika anagawidwa pawiri ndipo Anyanja anagawidwa patatu. Chachiwiri ndi zomwe zinachitika pambuyo pake, pamene anthu wamba, omwe sanafunsidwe, anabadwira mkati mwa mzerewo, kukwatiramo, kugwiramo ntchito ndi kuikamo maliro awo. Umwini womwe ndikunena ukuchokera pa chachiwirichi. Rhodes ankati dziko ndi lake chifukwa cha mfuti ya tsiku limodzi. Mlikoma amati ndi Mmalawi chifukwa cha zaka zoposa zana za moyo wa makolo ake. Atsogoleri a Afrika atakumana ku Cairo mu 1964 anagwirizana kulemekeza malire omwe anawapeza, ndipo sanatero chifukwa chokonda atsamunda. Anaona kuti kufafaniza mizereyo kukanavulaza anthu amoyo pofuna kukonza cholakwa cha anthu omwe anafa kale.

Palinso amene amayang'ana za m'thumba, nati kaya mbiri ikuti chiyani, anthu a pa Likoma akanapeza bwino akanakhala a dziko lomwe lili pakhomo pawo. Mtengo wokhala kutali ndi dziko lako ndi weniweni, ndipo amene anaonapo Ilala ikufika amaudziwa. Sitimayi, yomwe inapangidwa ku Scotland ndi kuyamba ntchito mu 1951, imadutsa pa chilumbapo popita kumpoto ndi pobwerera, ndipo kwa zaka zambirimbiri inkaima patali ndi gombe poti panalibe pokocheza. Anthu ankatsikira m'maboti aang'ono, matumba a chimanga ndi simenti akutsitsidwa ndi zingwe, mbuzi ndi njinga zikupatsirana m'manja, amayi atakwinya zitenje kuti atsirize ulendo akuyenda m'madzi ofika m'chiuno, nthawi zina pakati pa usiku. Sitima ikawonongeka, sopo ndi shuga zimakwera mtengo sabata yomweyo, ndipo wodwala wofunika chipatala chachikulu amadikira. Zonsezi ndi zoona. Koma kutsidya kuja komwe kukuoneka pafupi nakonso ndi kumathero kwa dziko lina. Kobwe ali kutali ndi Lichinga, ndipo Maputo ali kutali kwambiri kuposa momwe Lilongwe alili kwa Mlikoma. Kwa zaka zambiri anthu a m'gombe la Niassa ndiwo akhala akupalasa bwato kudzafuna chipatala, sukulu ndi msika pa Likoma. Nkhondo ya FRELIMO itayamba mu 1964, ndipo kenaka nkhondo ya RENAMO yomwe inatha mu 1992, anthu a kutsidya anathawira pa chilumba chomwecho chomwe makolo awo ankathawirapo Amagwangwara, ndipo ulendo uno chinawateteza ndi mbendera ya dziko lina pamwamba pa madzi aja. Inu a ku Mutare simufunika kuuzidwa za zimenezi. Mukukumbukira malire atatsekedwa mu 1976, mukukumbukira asilikali akulondera njanji ndi paipi ya mafuta ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, ndipo mukudziwa kuti ngakhale pa nthawi yoopsa anthu a mbali ziwirizi sanaleke kudutsa m'tinjira ta m'mapiri kukaona abale ndi kukagula zofunika.

Chotsutsa chimodzi ndichivomera pafupifupi chonse. Sukulu yomwe inakweza Likoma ndi yomwenso inamukhuthula. Munthu wodziwa kulemba, kuwerengera ndalama ndi kulankhula Chingelezi analibe chochita pa chilumba cha chinangwa, choncho ankakwera sitima. Ena ankabwerako ndi sutikesi ndi malata a nyumba, ena anasanduka matchona. Ngakhale mpingo womwe unasamutsa likulu lake kupita kumtunda, ndipo lero dayosizi ya kumpoto kwa Malawi, ngakhale tchalitchi chake chachikulu chili pa Likoma, maofesi ake ali ku Mzuzu. Misewu ndi magalimoto zitalanda ntchito ya sitima, chilumba chomwe chinali pakati pa zonse chinapezeka chili kumbali. Zofanana ndi zimenezi zinachitika kuno pamene njanji ya ku Beira inalephera kukwera phiri la Christmas Pass: tauni yonse ya Umtali, lomwe ndi dzina lakale la Mutare, inazulidwa ndi kusamutsidwira pano pomwe tili, sitima ya pamtunda inafika mu 1898, ndipo malo akale anapatsidwa kwa Bishopu Joseph Hartzell wa mpingo wa Methodist, komwe lero kuli Old Mutare ndi Africa University. Koma kuchoka kwa anthu sikunachepetse Umalawi wa Likoma. Kunaukulitsa, chifukwa ndalama, makalata ndi ana obwera kudzaona agogo zinkayenda njira ya ku Nkhata Bay ndi Monkey Bay, osati ya ku Lichinga.

Ndafika pomwe nkhaniyi ikukhudza inu. Makolo a ambiri muno anabwera kuchokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, ena wapansi, ena pa malole a ulere, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Anakumba golide ku Penhalonga, anathyola tiyi ku Honde Valley, anadula mitengo m'nkhalango za paini, anakonza njanji, anaphika m'nyumba za azungu. Anamanga matchalitchi ndi mizikiti, anayambitsa mabungwe a maliro, ndipo m'makomboni ena gule wamkulu anatuluka. Ana awo ndi adzukulu awo anabadwira kuno ndipo ambiri sanapondepo ku Dedza kapena ku Mangochi. Komabe lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu otere anauzidwa kuti akakane unzika wa dziko lomwe sanalionepo, ndipo ambiri anapezeka ndi zitupa zowatchula alendo, osaloledwa kuvota. Maganizo omwe anali kumbuyo kwa lamulolo ndi omwe aja a mwana woyang'ana mapu opanda mayina: dzina lako likumveka la kutsidya, ndiye ndiwe wa kutsidya. Malamulo aakulu a dziko a 2013, m'gawo 43, anakonza zimenezi ponena kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la SADC ndipo iye amakhala kuno, ndi nzika mwa kubadwa. Pamenepo dziko linavomereza mfundo yomwe Britain ndi Portugal anaivomereza pa nkhani ya Likoma mu 1954, yakuti zaka za moyo wa anthu pamalo zimalemera kuposa kuyandikana kapena kochokera.

Kufanana kwa nkhani ziwirizi kuli ndi polekezera, ndipo ndiyenera kupatchula. Likoma anali ndi omulankhulira. Anali ndi bishopu wodziwika ku London, makina osindikizira, ndi kaundula wa ubatizo momwe dzina la mwana aliyense linkalembedwa pamodzi ndi la bambo, la mayi ndi tsiku. Wogwira ntchito pa famu ya fodya kapena pa esiteti ya tiyi analibe zimenezi. Ana ambiri anabadwira m'komboni popanda chikalata cha kubadwa, ndipo mafamu atalandidwa kuyambira mu 2000 mabanja ena anabalalika pamodzi ndi mapepala ochepa omwe anali nawo. Gawo 43 limathandiza munthu amene angathe kuonetsa komwe anabadwira ndi amene anam'bereka, koma gogo wopanda chitupa amabala mayi wopanda chitupa, ndipo mdzukulu amakanika kulembetsa mayeso a Giredi 7. Umboni womwe ofesi ya kalembera ingaumve nthawi zambiri ulipo, koma uli m'mabuku a ubatizo a m'matchalitchi, m'marejisitala akale a sukulu za pa famu, m'makadi a sikelo ya ana, m'mabuku a mabungwe a maliro, ndi m'mitu ya okalamba omwe angathe kuchitira umboni pamaso pa wolumbiritsa. Mabuku amenewa ali m'makabati a mipingo ndi mabungwe omwe atsogoleri ake ambiri akhala m'chipinda chino, ndipo okalambawo chaka chilichonse akuchepa.